PHUNZIRO LA MBIRI: HITLER, NKHONDO YACHIWIRI NDI KUPHEDWA KWA AYUDA

Anzathu ophunzira, amayi ndi abambo, tengani cholembera chanu m'manja. Chiyang'aneni. Ndi kanthu kakang'ono, kopepuka kuposa mpini wa khasu. Ndi cholembera timalemba dzina lathu. Ndi cholembera timalembera kalata mwana wathu amene ali kutali. Koma cholembera chomwecho chikhoza kulembanso maina a anthu oti akaphedwe.

Phunziro la lero ndi la zimene zidachitika ku Ulaya kuyambira 1933 mpaka 1945. M'zaka zimenezo boma la dziko la Germany, pamodzi ndi olithandiza, lidapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Kuphako sikudayambe ndi mfuti. Kudayamba ndi mawu. Pambuyo pa mawu padabwera malamulo. Pambuyo pa malamulo padabwera zitupa ndi mindandanda ya maina. Imfa idabwera pomalizira. Tiyeni tiwerenge pang'onopang'ono, gawo ndi gawo, kuti tione mmene zidayendera.

1. AYUDA NDI NDANI?

Ayuda ndi mtundu wa anthu amene ali ndi chipembedzo chawochawo. Makolo awo akalekale ndi aja timawawerenga m'Baibulo. Nyumba yawo yopemphereramo imatchedwa sunagoge. Kwa zaka mazana ambiri Ayuda adakhala obalalika m'maiko osiyanasiyana.

Mu 1933 ku Ulaya kudali Ayuda oposa 9 miliyoni. Ambiri ankakhala ku Poland ndi ku Soviet Union. Ochuluka mwa iwo adali anthu osauka: atelala, osoka nsapato, akalipentala, ogulitsa tinthu pamsika. Ena adali aphunzitsi, madokotala ndi eni masitolo.

Ku Germany kudali Ayuda pafupifupi 500,000. Pa anthu 100 alionse a m'dzikomo, Ayuda sankakwana ngakhale mmodzi. Ankalankhula Chijeremani. Adabadwira konko, agogo awonso adaikidwa konko. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, Ayuda pafupifupi 100,000 adamenyera nkhondo dziko la Germany, ndipo 12,000 adafera kunkhondoko.

Komabe chidani pa Ayuda chidali chakale ku Ulaya. Mliri ukagwa, anthu ena ankati Ayuda athira poizoni m'zitsime. Khalidwe limeneli ifenso tikulidziwa. Mvula ikakana, kapena mwana akamwalira mwadzidzidzi, pamapezeka anthu oloza chala nkhalamba yopanda woiteteza, amvekere ndi mfiti.

2. NJALA NDI BODZA

Dziko la Germany lidagonja mu 1918. Mu 1919 opambana adalilanda maiko onse amene linkalamulira mu Africa, monga Tanganyika ndi dziko limene lero ndi Namibia. Adalilamulanso kuti lilipire ndalama zambiri chifukwa cha zimene zidawonongeka pa nkhondo.

Mu 1923 ndalama ya ku Germany idatha mphamvu. Malipiro olandira m'mawa, pofika madzulo sankagulanso zimene akadagula m'mawa muja. Mu 1929 malonda adasokonekera pa dziko lonse. Mafakitale adatsekedwa. Pofika 1932 anthu pafupifupi 6 miliyoni adali pa ulova ku Germany.

Munthu wanjala amafuna kudziwa amene wamudyera chakudya chake. Adolf Hitler, mtsogoleri wa chipani cha Nazi, adabwera ndi yankho lachidule. Adati olakwa ndi Ayuda. Ankanena kuti ndiwo adachititsa kuti dziko ligonje, ndiwonso abweretsa umphawi. Ankaphunzitsa kuti mitundu ya anthu si yofanana. Ankati Ajeremani ndi mtundu wapamwamba, anthu a ku Poland ndi a ku Russia ndi oyenera kukhala akapolo, anthu akuda ndi otsika, ndipo Ayuda ali ngati matenda oyenera kuchotsedwa.

Zonsezi lidali bodza. Ayuda sadagonjetse Germany, ndipo sadatseke mafakitale. Koma bodza lonenedwa tsiku ndi tsiku kwa munthu wanjala limayamba kumveka ngati choona.

3. MMENE HITLER ADATENGERA ULAMULIRO

Hitler sadalowe m'boma ndi nkhondo. Pa chisankho cha mu Julayi 1932 chipani chake chidapeza mavoti 37 pa 100 alionse. Sichidafike theka. Koma akuluakulu ena andale adaganiza kuti amugwiritsa ntchito ngati galu wosakira, kenako n'kumumanga pa chingwe. Pa 30 Januwale 1933 Pulezidenti Hindenburg adaika Hitler kukhala nduna yaikulu ya boma.

Pa 27 Febuluwale nyumba ya malamulo mumzinda wa Berlin idapsa ndi moto. M'mawa mwake boma lidati dziko lili pangozi. Lidachotsa ufulu wolankhula, ufulu wosonkhana ndi ufulu wa nyuzipepala. Apolisi adapatsidwa mphamvu yomanga munthu popanda kupita naye kubwalo la milandu. Mu Malichi adatsegula msasa wa akaidi ku Dachau. Ambiri mwa oyamba kutsekeredwamo adali anthu a zipani zotsutsa boma.

Pa 23 Malichi nyumba ya malamulo idapatsa boma la Hitler mphamvu yopanga malamulo lokha. Pa 2 Meyi mabungwe a anthu apantchito adathetsedwa. Pa 10 Meyi ophunzira a m'masukulu aukachenjede adaunjika mabuku pabwalo nawawotcha. Pa 14 Julayi zipani zina zonse zidaletsedwa. Miyezi 6 isadathe, padalibenso woti angamuletse.

Mu 1934 Hindenburg adamwalira, ndipo Hitler adatenga mipando yonse iwiri. Asilikali adalumbira kumvera iye mwini. Nduna yake yofalitsa nkhani, Joseph Goebbels, idaonetsetsa kuti mawayilesi otsika mtengo afike m'nyumba zambiri. Wayilesi, nyuzipepala ndi mabuku a ana asukulu, zonse zinkanena chimodzimodzi. Uwu ndiwo timautcha ulamuliro wankhanza: munthu mmodzi ali pamwamba pa lamulo, ndipo wofunsa funso amagona m'ndende.

4. MALAMULO NDI ZITUPA

Myuda wa ku Germany ankavala ngati mnansi wake, ankalankhulanso ngati mnansi wake. Nanga boma likadamudziwa bwanji? Lidamudziwa ndi mapepala. Tiwerenge masiku awa:

1 Epulo 1933: anyamata a chipani adaima pamakomo a masitolo a Ayuda kuti anthu asagulemo.

7 Epulo 1933: lamulo lochotsa Ayuda pa ntchito za boma.

15 Seputembala 1935: malamulo a ku Nuremberg. Ayuda adachotseredwa unzika. Ukwati wa Myuda ndi Mjeremani udaletsedwa.

Okutobala 1938: mapasipoti a Ayuda adadindidwa chilembo chofiira cha J.

Novembala 1938: ana a Chiyuda adathamangitsidwa m'masukulu a Ajeremani.

Januwale 1939: Ayuda adakakamizidwa kuonjezera dzina pa maina awo. Amuna adapatsidwa dzina la Israel, akazi dzina la Sara.

Seputembala 1941: Myuda aliyense wa zaka 6 kupita m'tsogolo adalamulidwa kusokera nyenyezi yachikasu pa malaya.

Pofuna kudziwa Myuda, boma linkayang'ana agogo ake. Alembi ankafufuza m'mabuku a ubatizo ndi m'kaundula wa boma. Munthu ngakhale adabatizidwa m'tchalitchi, ngati agogo ake atatu adali Ayuda, ankalembedwa kuti ndi Myuda.

Usiku wa pa 9 kuchera 10 Novembala 1938 anthu a chipani adawotcha masunagoge mazana ambiri ndi kuswa masitolo a Ayuda pafupifupi 7,500. Amuna pafupifupi 30,000 adatengedwa kupita kumisasa ya akaidi. Kenako boma lidalipiritsa Ayuda omwewo chindapusa pa zowonongekazo. Anansi ambiri adaonerera. Ena adagula nyumba ndi masitolo a Ayuda pa mtengo wozizira.

Bwanji sadathawe? Ambiri adayesa. Koma kuthawa kunkafunanso pepala, chilolezo cholowera m'dziko la eni. Mu Julayi 1938 nthumwi za maiko 32 zidakumana ku Evian m'dziko la France kukambirana za othawawa. Zidalankhula mawu achisoni, koma pafupifupi maiko onse adakana kulandira anthu ochuluka.

5. NKHONDO YACHIWIRI YA DZIKO LONSE

Hitler ankafuna malo a anthu ena. Mu 1938 adatenga Austria. Mu 1938 ndi 1939 adaphwasula Czechoslovakia. Pa 1 Seputembala 1939 asilikali ake adalowa m'dziko la Poland. Patatha masiku awiri Britain ndi France adalengeza nkhondo.

Hitler adali ndi anzake. Ku Italy kudali Mussolini, amene mu 1935 adathira nkhondo dziko la Ethiopia n'kupha anthu ndi mpweya wa poizoni. Kum'mawa kudali dziko la Japan. Moto umapita kumene kwatsala tchire. Mu 1940 Ajeremani adalanda Denmark, Norway, Netherlands, Belgium ndi France. Pa 22 Juni 1941 adalowa mu Soviet Union. Mu Disembala chaka chomwecho dziko la America lidalowa nawo nkhondoyo.

Nkhondoyi idakhudzanso anthu a chiyankhulo chathu. Anyamata a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia, maiko amene lero ndi Malawi ndi Zambia, adalembedwa usilikali ndi Angerezi. Adakamenya nkhondo ku Ethiopia ndi ku Burma. Ena sadabwerere.

Dziko lililonse limene Hitler adalanda lidali ndi Ayuda ake. Ku Poland kokha kudali oposa 3 miliyoni. Adawachotsa m'nyumba zawo ndi kuwaunjika m'zigawo za mizinda zotchingidwa ndi mpanda. Malo otere ankatchedwa ghetto. Mumzinda wa Warsaw anthu oposa 400,000 adatsekeredwa kuseri kwa khoma mu Novembala 1940. Mabanja angapo ankagona m'chipinda chimodzi. Chakudya chinkaperekedwa ndi khadi, ndipo chidali chosakwanira kusunga moyo. Anthu oposa 80,000 adafera momwemo ndi njala ndi matenda.

6. MNDANDANDA WA IMFA

Ajeremani atalowa mu Soviet Union, m'mbuyo mwa asilikali munkabwera magulu a apolisi opha anthu. Ankasonkhanitsa Ayuda a m'mudzi kapena a m'tauni, kuwatengera kumaenje ndi kuwawombera. Pa 29 ndi 30 Seputembala 1941, pachigwa cha Babi Yar pafupi ndi mzinda wa Kyiv, adapha anthu 33,771 m'masiku awiri. Nambala imeneyi tikuidziwa chifukwa akuphawo adailemba okha m'lipoti lopita kwa mabwana awo.

Pa 20 Januwale 1942 akuluakulu a boma 15 adakumana m'nyumba yokongola ya m'mbali mwa nyanja ku Wannsee, pafupi ndi Berlin. Ambiri mwa iwo adali anthu ophunzira kwambiri. Wapampando adali Reinhard Heydrich. Wosunga zolembedwa adali Adolf Eichmann. Patebulo padali mndandanda wa maiko, ndi chiwerengero cha Ayuda a m'dziko lililonse. Onse pamodzi adakwana 11 miliyoni. Adawerengera ngakhale maiko amene sadawalande. Dziko la Portugal lidalipo pa mndandandawo, ndi Ayuda 3,000. Sadakumane kuti afunsane ngati kupha n'koyenera. Adakumana kuti agawane ntchito.

M'dziko la Poland lolandidwa lija adamanga malo ophera anthu: Chelmno, Belzec, Sobibor, Treblinka, Majdanek ndi Auschwitz-Birkenau. Anthu ankabwera nawo pa sitima zapamtunda, m'mabogi onyamulira katundu ndi ng'ombe, masiku angapo popanda madzi. Ankawanamiza kuti akupita kukagwira ntchito. A njanji ankalemba nthawi ya sitima iliyonse, ndipo ankalipiritsa mtengo wa ulendo pa mutu uliwonse.

Ku Auschwitz, sitima ikaima, madokotala ankasankha. Amphamvu ochepa ankapita kukagwira ntchito yakalavulagaga, ndipo ankalembedwa nambala pamkono. Dzina lawo linkathera pomwepo. Ana, nkhalamba, odwala ndi amayi a makanda ankauzidwa kuti akukasamba. Ankawatsekera m'chipinda n'kuthiramo mpweya wa poizoni. Mitembo inkawotchedwa m'ng'anjo. Ku Auschwitz kudaphedwa anthu pafupifupi 1,100,000, ndipo mwa iwo pafupifupi 1 miliyoni adali Ayuda. Ku Treblinka kudaphedwa pafupifupi 900,000.

Boma la Nazi lidaphanso anthu ena. Lidapha olumala ndi odwala misala oposa 200,000. Lidapha anthu a mtundu wa Roma mazana a zikwi. Asilikali a Soviet Union ogwidwa pa nkhondo pafupifupi 3 miliyoni adafera m'manja mwa Ajeremani. Anthu wamba a ku Poland adaphedwa ochuluka. A Mboni za Yehova adatsekeredwa chifukwa chokana usilikali ndi kukana kuchitira sawatcha Hitler.

Tiganizire bwino. Munthu mmodzi sangaphe anthu 6 miliyoni. Padafunika mlembi wolemba maina, wapolisi wogogoda pachitseko, woyendetsa sitima, wogulitsa poizoni, ndi mnansi woyang'ana kumbali.

7. AMENE ADAKANA

Si onse adamvera. Ayuda eniake adalimbana ndi adani awo m'njira zambiri. M'maghetto aphunzitsi ankaphunzitsa ana mobisa, ngakhale sukulu idali yoletsedwa. Ku Warsaw katswiri wa mbiri, Emanuel Ringelblum, adasonkhanitsa anzake kuti alembe zonse zimene ankaona. Adaika mapepalawo m'mabokosi achitsulo ndi m'zitini zazikulu za mkaka, n'kuwakwirira pansi. Iye adaphedwa mu 1944, koma mapepala ena adafukulidwa mu 1946 ndi mu 1950. Lero akuwerengedwa.

Pa 19 Epulo 1943 anyamata ndi atsikana a mu ghetto ya Warsaw adaukira Ajeremani ndi timfuti tochepa ndi mabomba opanga okha. Adalimba pafupifupi mwezi wathunthu. Chaka chomwecho akaidi adaukiranso ku Treblinka ndi ku Sobibor.

Mumzinda wa Amsterdam mtsikana wina, Anne Frank, adabisala ndi banja lake zaka ziwiri. Ankalemba m'kabuku zimene zinkamuchitikira. Adagwidwa, ndipo adafera mumsasa wa Bergen-Belsen mu 1945 ali ndi zaka 15. Bambo ake adapulumuka, nasindikiza kabukuko mu 1947.

Dziko la Netherlands lidali ndi kaundula wolongosoka wa anthu onse, wosonyeza ndi chipembedzo chomwe. Ajeremani adamugwiritsa ntchito. Mwa Ayuda 140,000 a m'dzikomo, pafupifupi 102,000 adaphedwa. Mu Malichi 1943 kagulu ka anthu olimba mtima kadawotcha ofesi ya kaundula ku Amsterdam kuti maina asapezeke. Ambiri a kaguluko adagwidwa n'kuphedwa.

Ku Denmark, kumapeto kwa Seputembala 1943, mphekesera idamveka yoti Ayuda agwidwa. Anansi adawabisa. Asodzi adawawolotsa usiku m'mabwato awo kupita ku Sweden. Ayuda oposa 7,000 adapulumuka motero.

8. SALAZAR NDI KAZEMBE WOSAMVERA

Nthawi imeneyo dziko lathu la Mozambique lidali m'manja mwa Apwitikizi. Ku Portugal nakonso kudali ulamuliro wankhanza. António Salazar adalamulira kuyambira 1932 mpaka 1968. Adaletsa zipani zotsutsa. Adali ndi apolisi achinsinsi, amene kuyambira 1945 ankatchedwa PIDE. Mu 1936 adatsegula msasa wa akaidi ku Tarrafal, m'zilumba za Cabo Verde.

Salazar sadalowe nkhondo. Sadapange malamulo opha Ayuda, ndipo othawa ambiri adadzera padoko la Lisboa popita ku America. Koma adagulitsa ku Germany mwala wotchedwa wolfram, wolimbitsira zitsulo za zida zankhondo, mpaka 1944. Hitler atafa, mbendera ku Portugal zidatsitsidwa ngati pamaliro.

Mu Novembala 1939 boma la Salazar lidalamula akazembe ake kuti asapereke chilolezo cholowera ku Portugal kwa Ayuda othamangitsidwa kwawo ndi kwa anthu opanda dziko, pokhapokha Lisboa atavomera. Mu Juni 1940 dziko la France lidagonja. Khamu la othawa lidadzaza misewu ya mzinda wa Bordeaux. Kazembe wa Portugal kumeneko adali Aristides de Sousa Mendes. Lamulo lidali patebulo pake, anthu adali pakhomo pake. Iye adasankha anthu. Adasaina mapasipoti usana ndi usiku, osafunsa mtundu kapena chipembedzo. Anthu zikwi zambiri adawoloka malire ndi siginecha yakeyo.

Salazar adamuitanitsa, namuchotsa ntchito. Sousa Mendes adamwalira ali wosauka mu 1954. Mu 1988 nyumba ya malamulo ya ku Portugal idayeretsa dzina lake. Eichmann adali ndi cholembera. Sousa Mendes adalinso ndi cholembera.

Makolo athu adadziwa mphamvu ya pepala pansi pa ulamuliro wa Salazar. Lamulo lidagawa anthu pawiri: nzika, ndi ena otchedwa indígena. Mwamuna wakuda ankayenda ndi kabuku kotchedwa caderneta. M'menemo munkalembedwa msonkho wake ndi ntchito yake. Kabukuko kakapezeka kosalongosoka, ankamutengera ku chibalo. Ambiri sankatha kuwerenga zimene zidalembedwa za iwo eni. Lamulo logawa anthulo lidathetsedwa mu 1961. Ulamuliro wankhanza wa ku Portugal udagwa pa 25 Epulo 1974, ndipo Mozambique idalandira ufulu pa 25 Juni 1975.

Tisasokoneze zinthu ziwirizi. Atsamunda ankafuna thukuta la munthu wakuda, thonje lake ndi msonkho wake, ndipo ankazunza ndi kupha kuti azipeze. Hitler ankafuna kuti pasatsale Myuda ngakhale mmodzi, ngakhale khanda lobadwa dzulo. Koma muzu wake ndi umodzi: kunena kuti munthu uyu ndi munthu, uyo si munthu weniweni, n'kulemba zimenezo m'lamulo.

9. KUTHA KWA NKHONDO

Mu Febuluwale 1943 Ajeremani adagonja pa nkhondo yaikulu ya ku Stalingrad. Pa 6 Juni 1944 asilikali a America, Britain ndi Canada adakocheza ku Normandy m'dziko la France. Pa 27 Januwale 1945 asilikali a Soviet Union adafika ku Auschwitz. Adapeza akaidi pafupifupi 7,000, mafupa okhaokha. Adapezanso milu ya nsapato, ya zovala ndi ya tsitsi la anthu.

Pa 30 Epulo 1945 Hitler adadzipha ku Berlin. Pa 8 Meyi dziko la Germany lidagonja. Japan idagonja mu Ogasiti, mabomba a atomiki atagwa pa Hiroshima ndi Nagasaki. Nkhondoyi idapha anthu oposa 50 miliyoni. Pa Ayuda atatu alionse a ku Ulaya, awiri adaphedwa. Mwa ophedwawo, ana adali pafupifupi 1,500,000. Kuphedwa kwa Ayuda kumeneku kumatchedwa Holocaust, ndipo Ayuda eni amati Shoah.

Kuyambira Novembala 1945 mpaka Okutobala 1946 atsogoleri 22 a Nazi adazengedwa mlandu ku Nuremberg. Mwa iwo 12 adaweruzidwa kuti aphedwe. Umboni wambiri udachokera m'mapepala amene iwo eni adalemba ndi kusaina. Bwalolo lidakhazikitsa mfundo iyi: kunena kuti ndidangomvera olamula sikuchotsa mlandu. Eichmann adathawira ku Argentina, koma adagwidwa, nazengedwa mlandu ku Israel mu 1961, nanyongedwa mu 1962.

Mu Disembala 1948 bungwe la United Nations lidavomereza pangano loletsa kupululutsa mtundu wa anthu, ndiponso chikalata cha ufulu wachibadwidwe wa munthu aliyense. Mu 2005 lidasankha 27 Januwale kukhala tsiku lokumbukira ophedwa aja.

10. TIPHUNZIREPO CHIYANI?

Wina angati izi ndi za azungu, za kutali, za kale. Koma mu 1994 ku Rwanda, muno mu Africa, wayilesi inkatcha Atutsi mphemvu. Chitupa cha munthu aliyense chinkasonyeza mtundu wake. Pamisewu ankaimitsa anthu, kuwerenga chitupa, n'kupha. M'masiku 100 adafa anthu pafupifupi 800,000. Akuluakulu adati: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nchifukwa chake tikuphunzira kuwerenga. Tisadinde chala kapena kusaina pepala limene sitidaliwerenge. Atatifunsa maina a anansi athu, tifunse kuti mainawo akupita kuti, ndipo akukachita nawo chiyani. Tikamva kuti mavuto onse abwera ndi mtundu wakutiwakuti, kapena chipembedzo chakutichakuti, kapena alendo, tifunse umboni.

Koma kudziwa kuwerenga pakokha sikukwanira. Amene adakhala patebulo ku Wannsee adali ophunzira. Amene adawotcha mabuku adali ana asukulu zapamwamba. Maphunziro ali ngati mpeni: umasenda chinangwa, umaphanso munthu. Chofunika ndi mtima wa wougwira. Tikadzakhala alembi a mudzi, a mpingo kapena a bungwe la alimi, tikumbukire kuti dzina lililonse pa pepala ndi munthu wamoyo, mwana wa mayi wina.

MAWU OFUNIKA

Werengani mokweza, kenako lembani m'kope:

Myuda, Ayuda. Sunagoge. Unzika. Chitupa. Kaundula. Mndandanda. Kazembe. Umboni.

MAFUNSO

1. Kodi Hitler adakhala nduna yaikulu chaka chanji?
2. Tchulani ufulu utatu umene boma lidachotsa nyumba ya malamulo itapsa.
3. Kodi boma linkadziwa bwanji kuti munthu uyu ndi Myuda?
4. Kodi ku Wannsee adakambirana chiyani?
5. Kodi asodzi a ku Denmark adachita chiyani?
6. Chifukwa chiyani Salazar adachotsa ntchito Sousa Mendes?

MASAMU

1. Hitler adayamba kulamulira mu 1933, nafa mu 1945. Adalamulira zaka zingati?
2. Ku Netherlands kudali Ayuda 140,000. Adaphedwa 102,000. Adatsala angati?

TIKAMBIRANE

Khalani m'magulu a anthu asanu. Aliyense alankhulepo, amayi ndi abambo omwe.

1. Woyendetsa sitima ya ku Auschwitz sadawombere munthu. Kodi ali ndi mlandu kapena ayi?
2. Kodi m'dera lathu lino alipo anthu amene amalozedwa chala zinthu zikavuta? Tingawateteze bwanji?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Pitani kwa agogo kapena munthu wamkulu wa m'mudzi mwanu. Mufunseni zimene adaona kapena adamva za caderneta ndi chibalo. Lembani ziganizo zisanu za zimene wakuuzani. Pansi pake lembani tsiku ndi dzina lanu. Mubwere nazo pa phunziro lotsatira kuti tidzawerengere limodzi.